A Dizimasi, Amene Anabweza Nkhuku ya Apongozi Anga

Chaka chatha tsopano chimwalirire a Dizimasi. Lamulungu lapitali dzina lawo linatchulidwa pa misa, ndipo amayi awiri amene anagwada kumbuyo kwanga anayamba kunong'onezana. Wina anati, "Ndi aja ankatiletsa kukazinga aja?" Mnzakeyo anati, "Omwewo. Akapume, koma kumwambako asakawalole kulowa kukhitchini." Ndinaseka pakati pa pemphero mpaka misozi, ndipo misoziyo itayamba kutuluka inakana kusiya.

Anali mwamuna wa amayi aakulu, a Malita, mkulu wawo wa amayi anga, choncho ine ndinkawaitana kuti bambo aakulu. M'mudzi mwathu muno, kuseri kwa Chiringa, anali mkamwini ngati amuna ena onse, munthu wobwera. Makolo awo anawoloka kuchokera ku Mozambiki iwo asanabadwe, ndipo Chichewa chawo chinkamveka Chilomwe mpaka tsiku lomaliza. Unyamata wawo wonse anauthera ku Mulanje, akugwira ukhukhi, ntchito yophika, m'nyumba ya bwana wina wa esiteti ya tiyi. Atapuma ntchito anabwera ndi jekete yoyera yopanda mabatani, mpeni wotha ndi kunola, ndi maganizo okhudza mafuta amene anasowetsa mtendere mudzi wonse. Mwamuna wanga Yohane akupalasa njinga lero chifukwa cha maganizo amenewo. Nkhani imeneyo ndifika nayo, koma munthuyo ayambe wadziwika.

A Dizimasi sankafunsa munthu kuti wadzuka bwanji. Ankafunsa kuti wadya chiyani, ndipo ukayankha ankawonjezera funso lachiwiri, lakuti njala yakupeza dzuwa lili pati. Ife tinkaona ngati nthabwala, koma iwo yankho ankalisunga, ndipo mawa lake ankabwera kudzaona amene anakuphikira. Khitchini ya mwini sankaiopa. Ankangowerama pakhomo, kuvundukula mphika, n'kuupendeketsa pang'ono kuti kuwala kulowe. Akaona mafuta atasonkhana pambali, ofiira, akuyandama pamwamba pa msuzi, ankatsonya, n'kuvundikira pang'onopang'ono ngati munthu wotuluka m'nyumba ya maliro. Mawu sankachulutsa. Ankangonena kuti wophikayo wadyetsa maso, mimba waiiwala.

Chiphunzitso chawo chinali chimodzi, ndipo tinachimva mpaka kuchiloweza tisakufuna. Madzi ndi mafuta, ankatero, sagwirizana chibadwire, ndipo kuwaika mumphika umodzi si kuwayanjanitsa ayi. Pamafunika nkhoswa. Nkhoswayo ndi nsinjiro, kapena chikasu cha m'kati mwa dzira, kapena ufa wosalala wopsa bwino. Ntchito yake ndi kugawa mafuta m'timadontho ting'onoting'ono tosaoneka ndi maso, n'kutigwira kuti tisabwererenso pamodzi. Mafuta otere ankawatcha omangidwa, enawo ankawatcha oyendayenda. Ankati zimene zalekana pamoto zimakalekananso m'mimba: madzi amatsogola kutsika, mafuta amatsala pamwamba akukwera kukhosi, ndipo munthu amamva chilungulira ndi njala nthawi imodzi. Koma omangidwa amatsika pang'onopang'ono limodzi ndi chakudya, thupi likuwatola mosathamanga, ndipo wolima amafika masana khasu lisanamulemere.

Mtedza ankasinja okha. Munthu wamwamuna, waimvi, ataima pa mtondo poyera, anzawo a pa bawo anaseka kwa zaka, koma iwo sankatembenuka n'komwe. Kusinja kwawo tinkakuzindikira tili kutali, chifukwa munsi wawo sunkagunda mwaukali ngati wa chimanga. Unkagwa mopepuka, kuima, kenaka kumveka sefa. Ankati mtedza ukaupsera mtima umalira mafuta usanafike mumphika, ndipo ukausiya wamiyalamiyala umadutsa m'mimba osapereka kanthu. Za anthu otafuna mtedza wokazinga mothamanga ankati akulemeretsa chimbudzi, ndipo ankanena zimenezi ngakhale pamaso pa akuluakulu a mpingo.

Mdani wawo wamkulu ankagona naye nyumba imodzi. A Malita anakula m'zaka zimene mafuta ophikira ankaoneka pa Khirisimasi pokha, ndipo kwa iwo, monga kwa amayi athu onse, ndiwo zotendera zinali za masiku wamba, za anthu apakhomo. Mlendo, wodwala, mkwati, wansembe, amenewa umawaphikira nyama yosambira m'mafuta, kuti akavundukula mbale aone okha kuti sunawachepetse. Kwathu kuno mafuta oyandama ndi ulemu. Ndiye taganizani banja limene mkazi akuthira kuti zioneke, mwamuna akutakasa kuti zibisike. Anakangana mpaka anagawana moto. Pakhomo pawo panali mafuwa asanu ndi limodzi, ndipo mlendo aliyense ankayamba wafunsa kuti lero tikudya za ndani.

Tsiku limene mdzukulu wawo analandira ukaristia woyamba, a Dizimasi analengeza kuti aphika chachizungu. Anatenga chikasu cha mazira ndi kamchere, dzanja lina likumenya ndi foloko, lina likudontheza mafuta pang'onopang'ono kuchokera m'botolo la a Malita. Botolo linatha, koma m'mbale munalibe dontho looneka. Munali chinthu choyera, cholimba, chonga mafuta odzola, ndipo iwo anati dzina lake ndi mayonezi. A Malita anasuzumira m'mbale, anayang'ana botolo lopanda kanthu, n'kuika manja m'chiuno.

"Bambo, mafuta anga ali kuti?"

"Ali momwemo, mayi. Onse."

"Nanga alendo adziwa bwanji kuti tinagula?"

"Mimba zawo ziwauza."

"Mimba ili ndi pakamwa pokanenera kumudzi?"

Alendo anapaka chinthucho pa mbatata ya kachewere, anakhuta msanga, ndipo nyama ya mbuzi inabwerera yambiri. A Dizimasi anati umenewo ndi umboni. A Malita anati chimenecho ndi chipongwe, ndipo sabata imeneyo aliyense anadya za pamoto pake.

Masiku a msika ankapita pa Chiringa, osati kukagula kwenikweni koma kukavutitsa akabaza. Anyamatawo amadzuka osadya, akatsitsa kasitomala woyamba n'kuthamangira pa chiwaya kukadya tchipisi chodontha mafuta. A Dizimasi ankakhala pansi pafupi ndi njinga zawo, n'kutulutsa mabotolo awiri m'thumba la jekete. M'lina munali madzi ndi mafuta okhaokha. M'linalo munali mafuta omwewo ndi phala lamadzimadzi la nsinjiro. Ankakhutchumula onse awiri mpaka kuyera, kuwaimika pansi, n'kuyamba kukamba za mtengo wa nandolo ngati aiwala. Posakhalitsa botolo loyamba linkakhala litalekana, mafuta pamwamba, madzi pansi. Pamenepo ankafinyira ndimu m'botolo lachiwiri, akunena kuti m'mimba muli kuwawasa koposa ndimu, ndipo nkhoswa yaulesi imathawira pomwepa. Botololo linkakhalabe loyera. Kenaka ankawafunsa anyamatawo mmodzimmodzi kuti mimba yake akufuna ikhale botolo liti.

Amene ankaseka kwambiri anali Yohane, nthawi imeneyo asanandifunsire. Ankakuwa ali pa chishalo kuti, "Madala, ife timadya zokoma, za m'botolozo mukamwe nokha!" A Dizimasi ankangomuyang'ana, n'kubweza mabotolo awo m'thumba. Yohane atandikwatira n'kudzamanga pamudzi pathu, zinthu zinamuvuta, chifukwa madala a mabotolo aja anasanduka apongozi. Akawaona akubwera ankapatuka panjira, chipewa m'manja, maso pansi. Sankadyera pamodzi, sankakhala mphasa imodzi, ndipo akafuna kuuzana kanthu ankatuma ine.

Chaka china titangokolola, Yohane anagwa ndi m'mimba ali pantchito. Anathamanga naye kuchipatala cha pa Boma, ndipo anamuchita opareshoni chifukwa matumbo anali atapotana. Madokotala anagwira ntchito yawo, munthu anadzuka. Potitulutsa anesi anandiuza momveka: chakudya chofewa, pang'onopang'ono koma kawirikawiri, mafuta ambiri ayambe adikira, ndipo ndizibwera naye kusikelo. Ine ndinamva bwino lomwe. Koma nesi anali mmodzi, ndipo amayi a m'mudzi ndi ambiri.

Aliyense anabwera ndi mbale yake. Mazira okazinga, matemba okazinga, chiwindi cha mbuzi, zonse zikunyezimira, chifukwa munthu wabwerera kumanda ndipo ayenera kuona kuti tikumufuna. Ndikati ndikane, ankandifunsa ngati ndikufuna kuti mwamuna wanga achire ndi madzi. Yohane, poopa kunyoza, ankalumako kawiri, kenaka n'kusanza atagwira bala ndi manja onse. Patapita masiku anayamba kudana ndi fungo lenilenilo. Akamva anyezi akulira m'mafuta kwa aneba ankatembenukira kukhoma. Kenaka anakana chilichonse, ngakhale phala. Mwamuna amene ankakwera chitunda atamanga matumba a nandolo panjinga ndinayamba kumunyamula ndekha popita naye kukasamba. Titapita kusikelo, anesi anayang'ana manambala, anayang'ana ine, n'kunena mofatsa kuti akapitiriza chonchi bala silitseka. Ndinabwerera kunyumba ndikudziwa kuti mwamuna wanga akundipulumuka m'manja, ndipo ndinali ndi mantha amene sindinawamvepo chibadwire.

Masiku onsewo a Dizimasi ankangozungulira chapatali, chifukwa mpongozi salowa kuchipinda cha mwana wake wokwatiwa. M'mawa wina anatulukira atavala jekete yoyera ija, mpando m'dzanja lina, lina litagwira kamtengo ka mphanda kamene anasema okha. Anaima pakhomo n'kukweza mawu.

"Apongozi, ndikulowa. Mudzakwiye mukachira."

Yohane anayesa kudzikoka kuti akhale tsonga, anafuna chofunda kuti abise nthiti. A Dizimasi anakhala m'mphepete mwa bedi ngati akhala akutero moyo wonse.

"Gonani. Ine ndi inu tonse ndife obwera m'mudzi muno. Amayi awa amapha ndi chikondi, ndipo ine ndapulumuka zaka zambiri. Tsopano mumvere ine."

Anasinja mtedza, ananyika nsinjiroyo m'madzi ofunda, n'kusefa pa kansalu koyera mpaka kutuluka madzi onga mkaka. Madziwo anawathira m'phala lopyapyala la ufa woyera, akupekesa kamtengo kaja pakati pa zikhatho mpaka zonse zitagwirana. Kenaka anapungulira pa kambale ka tiyi, kaja koikapo kapu. Ndinati zachepa. Anandiyankha kuti mafuta omangidwa amakhalitsa m'mimba, ndipo chimene chili dalitso kwa wolima chingakhale msampha kwa wodwala: ukamukhutitsa m'mawa akana mpaka dzuwa kulowa.

"Njala ndi imene tikuifuna, Aginesi," anatero. "Inathawa. Tiiweta ngati kamwanapiye."

Anamudyetsa okha ndi supuni, mpongozi kudyetsa mkamwini, zinthu zimene mudzi wathu unali usanaonepo. Yohane anameza ndi manyazi, maso ali kudenga. Phalalo linakhala. Atatha, a Dizimasi anatulutsa mpando wawo n'kuukhazika pakhomo penipeni, ndipo kuyambira tsiku limenelo mbale iliyonse yobwera inkayamba yavundukulidwa ndi iwo. Zambiri zinabwerera. Ya a Malita inabwereranso, ndipo mawu amene anatuluka kumeneko sindingawalembe.

Zinali zitangoyamba kuyenda pamene amayi ake a Yohane, a Rozina, anafika kuchokera ku Kaduya. Ulendo wonsewo anabwera pa kabaza atafungata mbale yomangidwa m'nsalu. Anali atapha nkhuku yawo yoikira mazira, n'kuiphika m'bandakucha, ndipo mafuta anali atadutsa nsaluyo mpaka kudetsa chitenje. A Dizimasi anaimirira, anawomba m'manja mwaulemu, koma pakhomo sanachokepo.

"Asewere, takulandirani. Mwana wanu ali m'katimu, lowani mumuone. Koma mbaleyo itsale ndi ine."

"Mwati chiyani?"

"Ndati mbaleyo itsale."

"Ndinamubereka ine. Ndinamuyamwitsa ine. Lero ndimve kwa mwamuna wovala jekete ya azungu kuti nkhuku yanga ndi poizoni?"

"Sindinati poizoni, asewere. Ndati lero ayi."

A Rozina anaika mbale pakhonde n'kulowa mokankha. Anaona mwana wawo ali mafupa okhaokha, ndipo pambali pake kambale ka tiyi kali ndi phala loyera lamadzimadzi. Anatuluka akulira mokweza, akunena kuti mwana wawo akumupha ndi njala kuchikamwini, kuti nyumba yonseyi yasowa ndi supuni ya mafuta yomwe. Anthu anayamba kusonkhana. Pamenepo ananena mawu amene ndinkawaopa: atumiza uthenga kwa amalume ake a Yohane, mawa amutenga kupita naye ku Kaduya, ndipo za ukwati zikambidwa pambuyo.

Mwambo unali kumbali yawo. Eni munthu akati tikutenga wodwala wathu, akuchikazi salimbana nawo. Koma ine ndinkadziwa zimene zinkamudikira: msewu wa mabampu pa bala losapola, ndipo akafika, mudzi wina wathunthu womukonda, aliyense ndi mbale yake yonyezimira. Ndinakhala pansi pafumbi.

A Dizimasi, amene ndinali ndisanawaonepo atagwada kwina kulikonse kupatula kutchalitchi, anagwada pamaso pa a Rozina. Maondo awo analira mpaka tonse tinamva.

"Asewere, ndipatseni nkhukuyo, ndipo mukhale pafupi muziona manja anga. Adya nkhuku yanu lero lomwe. Akasanza, mutengeni, njingayo ndikugwirirani ndine."

A Rozina anakhala pa mpando uja, milomo atamanga, ndipo anakankha mbaleyo ndi phazi.

A Dizimasi anaiyandamitsa m'beseni la madzi ozizira a pamjigo, anadikira mafuta asonkhane pamwamba, n'kuwachotsa ndi supuni kuwaika m'kapu. Mafutawo anafika theka la kapu. Anatenga mnofu wa pachidali, anausinja mumtondo mpaka kufewa ngati phala, anasefa msuzi, n'kuika zonse pa kamoto kofatsa pamodzi ndi madzi a nsinjiro aja. Kenaka anatenga kapu ija, anaionetsa a Rozina, anatungamo kasupuni kamodzi, n'kuyamba kudontheza mumphika. Dontho likagwa ankaika supuni pansi n'kupekesa mpaka lizimiririke, kenaka lina. Zinatenga nthawi moti ena mwa oonerera anatopa n'kumapita. A Rozina sanachotse maso.

"Mafuta anu ndi awa, asewere. Sindinataye. Ndangowamanga."

Anapungulira pa kambale ka tiyi, ndipo supuni anaipereka m'manja mwa a Rozina.

"Wodyetsa ndinu. Ine si mayi wake."

A Rozina anamudyetsa, anatuluka, ndipo tonse atatu tinakhala pakhonde, makutu ali m'nyumba. Chimene tinkadikira ndi phokoso la kusanza. Mthunzi wa nyumba unachoka pamapazi pathu n'kufika pa mtondo. Nkhuku zinadutsa, mwana wina analira kwa aneba, ine ndinapemphera mapemphero onse amene ndimawadziwa mpaka kuyamba kuwasakaniza. Kenaka m'katimo munamveka mawu, ofooka, okhala ngati a munthu wochokera kutali.

"Amayi, yatsalako?"

A Rozina analumpha ngati mtsikana, dzanja lili kale ku mphika. Anapeza dzanja la a Dizimasi lili pa chivundikiro.

"Ayi. Madzulo."

Ndinaganiza kuti nkhondo iyambiranso. A Rozina anawayang'ana nthawi yaitali, misozi ikutsika, kenaka anaseka kuseka kwa munthu wotopa. "Koma bambo inu ndinu wouma mtima," anatero, n'kukhalanso pansi.

Uthenga wa kwa amalume sunapite. A Rozina anakhala nafe mpaka mwana wawo atayamba kuyenda yekha, ndipo mafuta a m'kapu muja anatha kasupunikasupuni, palibe dontho linatayidwa. Kambale ka tiyi kanasanduka mbale, phala linayamba kulimba, kenaka panabwera chigwada chotendera, kenaka makaka, chinangwa chouma chija. Titapitanso kusikelo anesi anamwetulira n'kunena kuti chimene tikuchitacho tipitirize. A Malita sanavomere kanthu, ndipo mafuta anapitiriza kuthira monga kale. Koma ndinawamva ndekha pamjigo akuuza amayi anzawo kuti amuna awo ndi ovuta, inde, koma mutu ulipo.

Zikomo weniweni sindinawauze mokwanira, chifukwa sankalola. Ndikayamba ankandidula n'kundifunsa kuti ndadya chiyani. Ndiye ndikunena pano: bambo aakulu anandibwezera mwamuna, anabwezera ana anga bambo wawo, ndipo anachita zimenezi atataya ulemu wawo wa upongozi ndi kugwada pafumbi pamaso pa mudzi. Ndidzawathokoza mpaka nanenso ndidzapite.

Ukalamba utawagwira, chimene chinayamba kuchoka ndi njala. Sankadwala kwenikweni, ankangoyang'ana chakudya ngati chinthu chimene anachidziwa kale n'kuchiiwala. Yohane, amene tsopano malaya samumanga bwino pamimba, anasiya njinga, anatulutsa mtondo poyera, n'kuyamba kusinja mtedza amuna a pa bawo akuona. Palibe anaseka. Anasefa pa kansalu, anapekesa mpaka thukuta, n'kulowa nalo phalalo kuchipinda osagogoda. A Dizimasi analandira kambaleko, anakapendeketsa chakuwindo, ndipo anaona kadiso kamodzi ka mafuta m'mphepete.

"Apongozi, munathamanga."

"Ndikaphikanso, bambo."

"Ayi, bweretsani. Mwayesetsa." Anamwako pang'ono kuti amusangalatse, n'kubweza. "Njala yanuyo tinaipeza chifukwa inangobisala. Yangayi yapita kwawo. Musavutike nayo."

Anamwalira sabata yomweyo, masana, a Malita atawagwira dzanja uku akuwakalipira kuti akuwasiya ndi ndani. Popita kumanda Yohane ananyamula bokosi kutsogolo, ndipo amuna ena akabwera kuti amulandire ankangopukusa mutu.

Kuseri kwa nyumba yawo kuli kachisakasa ka udzu kamene ankaphikiramo. Denga lake layamba kuwerama chapakati, ndipo mvula ya chaka chino inaboola pakona. A Malita salola kuti kagwetsedwe, komanso iwo saphikamo. Phulusa lomaliza likadali pomwepo, nkhuku zinakumbamo maenje osambiramo, ndipo mphonda ina inayanga, inalowa pansi pa mpanda n'kukwera nsanamira. Pakhoma pali mzere wakuda pamene ankatsamira msana. M'mawa kumakhala zii, moti umamva mjigo ukulira kutsidya.

Titatuluka misa Lamulungu lija, a Rozina, amene anabwera kuchokera ku Kaduya chifukwa cha mwambowo, sanalowe m'nyumba. Masiku ano amayenda ndi ndodo. Anauza Yohane kuti atsitse panjinga kathumba ka mtedza wa m'munda mwawo, umene akhala akubweretsa kukolola kulikonse chichirire mwana wawo, ndipo sankaupereka kwa wina aliyense koma a Dizimasi okha. Anatsogola mpaka pa kachisakasako, anaima, anayang'ana m'katimo nthawi yaitali. Yohane anaika kathumbako pansi pafupi ndi phulusa.

"Asewere, ndabweretsa," anatero a Rozina.

Anadikira pang'ono, ngati mmene munthu amadikirira yankho. Kenaka anagwira mkono wa mwana wawo, anatsina mnofu wake pakati pa zala, n'kuukweza chakumene kunali moto.

"Taonani. Akudyabe."

Kathumbako kakadali komweko, ndipo palibe amene walimba mtima kukamasula.